Yona Aitana M'nkhungu

Ku Katowo kunali mtsikana, dzina lake Dinah. Dinah anali ndi mlongo wake wamng'ono, Yona. Yona sankamva. Ankalankhula ndi manja.

Mvula itagwa, bowa anamera kuphiri. Ana ankapita kukazula bowa. Yona ankatsala pakhomo. Dinah ankafuna kuti Yona apite nawo.

Amama anakana. Anati kuphiri kumagwa nkhungu. Mwana akasochera, amaitana kuti, "Uuu-iii!" Anzake amamva, n'kumupeza.

"Nanga Yona adzaitana bwanji?" anafunsa amama. "Manja saoneka m'nkhungu."

Dinah anayamba kuganiza. Kusukulu anali ataphunzira maliwu asanu: a, e, i, o, u. Aphunzitsi ankati onsewo amachokera kukhosi. Panjira palibe chowatsekereza. Chimene chimasintha ndi milomo ndi lilime.

Dinah anatenga dzanja la Yona. Analiika pakhosi pake. Anatsegula kukamwa kwambiri.

"Aaa," anatero Dinah.

Khosi linanjenjemera. Yona anachotsa dzanja msanga. Kenako analibwezera pomwepo.

Yona anagwira khosi lake. Anatsegula kukamwa. Unatuluka mpweya wokha. Anayesanso. Unatulukanso mpweya wokha. Anayesa kachitatu.

"Aaa!"

Nkhuku zonse zinathawira kuseri.

Mawa lake Dinah anapempha galasi la panjinga. Adada anamasula galasilo. Anafunsa ngati njinga nayonso yayamba sukulu.

Dinah ndi Yona anayang'ana pagalasi. Dinah anazunguliza milomo ngati dzira. Inatuluka o. Yona anachita chimodzimodzi. Dinah anasongola milomo ngati akuuzira moto. Inatuluka u. Yona anachita chimodzimodzi. Dinah anatsegula kukamwa pang'ono. Inatuluka e. Yona anachita chimodzimodzi.

Koma i inavuta. Dinah ankatambasula milomo ngati akumwetulira. Yona ankatambasulanso. Komabe inkatuluka e.

"Uuu-eee!" ankatero Yona.

Amama anapukusa mutu. Anati kumeneko ndi kulira kwa mbuzi. Kuphiri mbuzi n'zambiri. Palibe amene angathamangire kulira kwa mbuzi.

Dinah anakhala pansi. Ananena e pang'onopang'ono. Ananena i pang'onopang'ono. Anamva lilime lake likukwera. Linkakwera kutsogolo, pafupi ndi mano. Lilime limabisala m'kamwa. Pagalasi silioneka bwino. N'chifukwa chake Yona sankaliona.

Adada ankaweta njuchi. M'nyumba munali botolo la uchi. Dinah anaviika chala mu uchi. Anapaka uchiwo kumwamba kwa m'kamwa mwa Yona. Lilime la Yona linakwera kufuna uchi. Dinah anamuika dzanja pakhosi.

"Iii," anatero Yona.

Dinah anaomba m'manja. Yona anatsegulanso kukamwa. Ankafuna uchi wina. Tsiku limenelo i inatuluka kambiri, ndipo uchi unatsika m'botolo.

Loweruka m'mawa nkhungu inagwa. Inaphimba munda wonse.

"Amama, mumuyese lero," anatero Dinah.

Amama anaima pakhomo. Dinah anapita ndi Yona kumapeto kwa munda. Nkhungu inawabisa onse awiri. Dinah anagwira phewa la Yona. Yona anasongola milomo. Kenako anaitambasula.

"Uuu-iii!"

Amama analowa m'munda. Sankaona kanthu. Anaima n'kumvetsera.

"Uuu-iii!"

Amama anakhotera kumanzere. Analondola liwulo m'mizere ya chimanga. Liwu linkayandikira. Kenako anaona mapazi aang'ono. Anali a Yona.

Amama anagwada. Anatenga dzanja la Yona. Analiika pakhosi pawo.

"Yewo, mwana wanga," anatero amama pothokoza.

Yona anamva mawuwo ndi zala zake. Anaseka.

Amama analowa m'nyumba. Anatuluka ndi madengu atatu. Lalikulu linali lawo. Lina anapatsa Dinah. Laling'ono anapatsa Yona.

Onse atatu anayamba kukwera phiri. Yona ndiye anali patsogolo.