Piyano ya Pamwamba ndi Paipi ya Che Dulla

Mawu oti mzukwa anthu amawatchula molakwa. Mbale ikagwa m'khitchini usiku, ati mzukwa. Galu akauwa mumdima, ati mzukwa. Ayi. Mzukwa ndi wakufa amene wadzuka n'kumayenda ndi thupi looneka, ndipo amadza ndi choipa. Chimene chimangomveka, chosaoneka, chosapweteka munthu, ndi bwino kuchisiya chopanda dzina kusiyana n'kuchinamizira. Chimene chinawachitikira Mayi Hasna a ku Scarborough, tauni ya kutsidya kwa nyanja, chinali cha mtundu wachiwiriwu.

Amuna awo, Che Dulla, anamwalira kumayambiriro kwa Januwale. Monga mwa Chisilamu, anaikidwa m'manda mawa lake lomwe, anthu a m'nyumba yosanja imene ankakhalamo asanadziwe n'komwe kuti pagwa zovuta. Mayi Hasna analowa edda, miyezi inayi ndi masiku khumi imene mkazi wamasiye amakhala m'nyumba osayendayenda. Kwa zaka zambiri iwo ankagwira ntchito yamadzulo kosamalira okalamba, moti nyumba yawo yomwe sankaidziwa mmene imakhalira dzuwa likalowa. Anayamba kuidziwa tsopano.

Madzulo ena, atatha kuswali, ankapinda zovala kuchipinda. Kunja chipale chofewa chinkagwa mwakachetechete. Ndiye anamva piyano.

Inayamba pang'onopang'ono, ngati madontho a mvula pa chidebe. Dzanja limodzi linkabwereza mawu omwewo pansipansi, lina likukwera n'kutsika pamwamba pake. Mayi Hasna anaima ndi malaya m'manja. Nyimboyo ankaidziwa. Ndi imene Che Dulla ankaing'ung'udza akamasita zovala, akamapukuta nsapato, ngakhale kuchipatala masiku awo otsiriza. Mayi Hasna atawafunsa kale kuti nyimbo yopanda mawu ngati imeneyo anaitola kuti, munthu wonyamula katundu ku Etobicoke, bambowo anangoseka n'kunena kuti anapeka ndi Mtaliyana wina wa masiku ano, ndipo kuti mkazi sayenera kudziwa zonse.

Nyimbo itatha, kunali zii. Kenaka paipi yachitsulo yotenthetsera nyumba, imene inadutsa pakona, kumutu kwa bedi, mbali imene ankagona malemu, inalira. Go, go, go.

Mawa lake zinachitikanso. Nthawi yake inali yomwe ija Che Dulla ankafikira kuchokera kuntchito. Piyano, kenaka paipi. Mayi Hasna anazimitsa wailesi, anasecha lamya ya malemu n'kuipeza yozima m'kabati. Kutuluka kuti akafufuze m'makonde sakanatha, pakuti anali m'edda, ndipo mkazi wamasiye sagogoda pazitseko za anthu osawadziwa usiku.

Anamuuza mwana wawo Zuhra, amene amakhala ku Brampton. Zuhra anabwera Loweruka, nagona konko mpaka Lamulungu. Sanamve kanthu, chifukwa masiku awiri amenewa nyimboyo sinkalira. Mtsikanayu anabadwira kuno, ndipo Chichewa chake n'chotsimphina. Amati "nyumba uyu" m'malo moti "nyumba iyi", koma chimene ankatanthauza chinamveka. Ananena kuti chisoni chimasokoneza mutu, kuti agogo ake aakazi anayambanso chonchi, ndipo kuti edda ikangotha adzapita nawo kwa dokotala wa ubongo, nyumbayo n'kuibweza kwa eni ake, iwo n'kukakhala kuchipinda chapansi ku Brampton.

"Amama, palibe piyano. Ndi inu nokha mukumva."

Mayi Hasna anasamalirapo okalamba ambiri amene ankamva zinthu okha, ndipo ankadziwa kumene njira imeneyo imathera. Kuyambira tsiku limenelo mantha awo anali awiri: kuti mwina nyimboyo ilipodi, ndi kuti mwina kulibe.

Chipale chinasungunuka. Mitengo inaphuka. Tsiku lotsiriza la edda linafika, ndipo madzulo ake iwo anakhala pabedi, tasibihi, mikanda yopempherera ija, ili m'manja. Piyano inayamba monga mwa masiku onse, inayenda ulendo wake, inatha. Anadikira paipi.

Paipi sinalire.

Patapita kanthawi piyano inayambanso nyimbo yomweyo, koma tsopano mofulumira, ikuphonya apa ndi apo. Inatha. Zii. Mayi Hasna anatchera khutu. Kenaka m'khonde munamveka chinthu chikukwakwaza pansi, n'kuima, n'kukwakwazanso. Chinkayandikira. Chinaima pakhomo pawo.

Go, go, go. Ulendo uno pachitseko.

Anatchula dzina la Mulungu, nasuzumira pa kabowo ka chitseko. Panja panaima chinthu chachifupi, choyera kumutu, chovala mkanjo wotuwa, chotsamira chitsulo cha miyendo inayi. Chinakweza nkhope. Anali mayi wokalamba, mapilisi ake atayiwalika m'thumba la pachifuwa. Munthu wa mtundu umenewu Mayi Hasna sakanamuopa, anatsegula.

Gogoyo anati dzina lake ndi Anastazia, amakhala pamwamba pawo penipeni, ndipo chiuno sichimulola kutsika kawirikawiri. Anapepesa m'Chingelezi cholemera ndi Chitaliyana. Anafotokoza kuti zaka zapitazo anakumana ndi bambo wa m'nyumba muno m'chikepe, ndipo bamboyo, m'malo modandaula za phokoso, anapempha kuti azimuimbira nyimbo ija iye akaweruka kuntchito, Lolemba mpaka Lachisanu, chifukwa nyumba yopanda mkazi wake madzulo inkamukulira. Anagwirizana kuti ikatha, iye azigogoda paipi pothokoza. Kuyambira pamenepo bamboyo sanaphonyepo kugogoda.

"Lero sanayankhe. Ndaimba kawiri. Kodi wadwala?"

Mayi Hasna anamukhazika pampando asanamuuze. Atamva kuti Che Dulla anamwalira mu Januwale, Anastazia anadzilemba mtanda, nayang'ana kuchipinda kumene kunali paipi.

"Ndiye amene amandithokoza miyezi yonseyi ndinu?"

"Ine ndimayesa mumagogoda ndinu."

Anayang'anana. Tsitsi linawanyerenyetsa onse awiri. Koma chodabwitsa n'chakuti Mayi Hasna anayamba kuseka, misozi ikutsika, chifukwa piyano inalipo, inali ndi mwini wake, ndipo kugogodako anakumva anthu awiri. Anaimbira Zuhra nthawi yomweyo n'kupereka lamya kwa Anastazia, amene anamukalipira mtsikanayo ngati mdzukulu wake. Kenaka anathira tiyi, ndipo anamuperekeza gogoyo mpaka pamwamba. Umenewo unali ulendo wawo woyamba kutuluka pakhomo.

Woyang'anira nyumbayo akuti mapaipi amalira okha madzi otentha akamadutsa, ndipo sabata imeneyo anali atazimitsa zotenthetsera. Atafunsidwa chifukwa chake sankalira Loweruka ndi Lamulungu, anakweza mapewa. Amayi a kumzikiti amati adziwa ndi Mulungu yekha, koma akatsitsa mawu amanong'onezana kuti Che Dulla anali munthu wosasiya mkazi yekha m'nyumba, ndipo anadikira kufikira tsiku limene chitseko chinali choti chitseguke.

Za dokotala wa ubongo ndi za Brampton sizinatchulidwenso. Mayi Hasna akadali m'nyumba mwawo, ndipo nkhaniyo inatha usiku womwewo, Lachitatu, pa 14 Meyi 2025.