Batani Lachisanu ndi Chitatu

Anandichotsa pa mpando wanga Lachitatu m'mawa, pamaso pa anthu asanu ndi anayi, chifukwa cha cholakwa cha munthu wina. Papita zaka khumi ndi chimodzi. Ndayamba ndi zimenezi kuti zimene ndinaona usiku uja zimveke bwino.

Pachipatala chathu ndinalowa ndi chikolopa m'manja. Sukulu ndinalekezera panjira, ndipo sindibisa. Ku nkhokwe ya magazi, kumene ndinkakolopa, kunali makompyuta akale a galasi lakuda ndi zilembo zobiriwira, opanda chithunzi chilichonse. Tsiku lina ndinatola buku lake m'bini, chikuto chitathothoka. Ndinaliwerenga zaka zitatu, dikishonale ili pambali. Chaka chachinayi ndinalemba pulogalamu ya kaundula wa anthu opereka magazi: dzina, gulu la magazi, kumene munthuyo akukhala, ndi tsiku limene anapereka komaliza. Anandipatsa mpando wanga pa kompyuta, ndipo pamwamba pa galasi anandilola kulembapo dzina langa.

Chimene ndinkanyadira kwambiri ndi mzere wapansi. Pamenepo pali timabokosi tisanu ndi titatu, kalikonse koimira batani lake pa kiyibodi, kuyambira F1 mpaka F8. M'kabokosi mumalowa zilembo zisanu ndi zitatu basi. Chopitirira chimadulidwa. Ndinatha masiku ndikuwerenga zilembo pa zala, kufunafuna mawu okwana. SUNGANI ndinaika pa F2. FUFUZANI pa F4. FAFANIZA ndinakaika kutali, pa F7, kuti chala chisaphonyere. F8 ndinalisiya lopanda mawu ndi lopanda ntchito, chifukwa lili kumapeto, pamene mkono umakhudza munthu akamafikira foni.

Wolemba zinthu zimenezi ayenera kudziwa chimodzi. Mawu a m'kabokosi ndi chikwangwani chabe. Ntchito imene batani limagwira imalembedwa pena. Ukasintha kumodzi usinthe konse, apo ayi chikwangwani chimanama.

Kenaka anatitumizira katswiri. Anabwera ndi masatifiketi awiri a m'mafelemu, ndi mphete yaikulu imene inkagogoda pa kiyibodi akamalemba: go, go, go. Zilembo sankawerenga. Sabata yoyamba anawonjeza batani losindikizira, nalemba SINDIKIZANI. Pa galasi panatuluka SINDIKIZ. Kuyambira tsiku limenelo alembi onse ankawatchula kuti a Sindikiz. Ine ndinapita mwaulemu kukawauza za zilembo zisanu ndi zitatu zija. Sanatembenuke n'komwe.

"Mayi," anatero, "pansi apa pauma?"

Makhadi akale a mayina analamula kuti atenthedwe, ati ndi zachikale. Tepi yosungirapo kaundula inali itafa, ndipo kalata yanga yopempha ina inagona m'dirowa mwawo. Kenaka, itayandikira sabata yokonza maadiresi, anasuntha ntchito za mabatani kuti zifanane ndi zimene anaphunzira kusukulu kwawo. Zikwangwani anaiwala. Masiku atatu alembi ankatsegula dzina, kukonza adiresi, n'kudina F2 pamene panalembedwa SUNGANI. Dzina lililonse linkafafanizika. Anatayika mayina mazana awiri ndi khumi ndi anayi.

Pamsonkhano wa Lachitatu uja a Sindikiz anangofunsa funso limodzi: "Pulogalamu yolembedwa ndi wokolopa, mumayembekezera chiyani?"

Dzina langa analichotsa pa galasi. Ine anandiika pa ntchito ya usiku, yoyang'anira mafiriji ndi kuyankha foni. Ankaganiza kuti ndisiya. Usiku woyamba ndinakonza mabatani onse popanda wondituma, ndipo ndinakhala. A Sindikiz anawasamutsira ku ofesi ina patapita chaka. Tinkakumana m'makonde. Moni sindinawapatse, ngakhale kamodzi.

Alamu anga, mwamuna wa mng'ono wanga, amayendetsa ambulansi pachipatala pomwepa. Ndi iwo amene anabwera ndi uthenga chaka chino.

"Alamu, a Sindikiz ali mu wodi yachitatu. Madokotala agwa mphwayi. Akuti akufuna akuoneni."

"Mukawauze kuti pansi sipanaume."

"Inu alamu, mtima wanuwo mukanaupereka kuno, bwenzi firiji itapuma."

Anamwalira Loweruka. Ku maliro sindinapite.

Patapita miyezi itatu, ndinafika pantchito madzulo monga mwa masiku onse. Kunja kunkagwa mvula yowaza. Ndinayang'ana mafiriji anayi, ndinalemba kuzizira kwake, ndinaika fulasiki yanga ya tiyi pa tebulo. Pakona panali kompyuta ya a Sindikiz, yophimbidwa ndi nsalu yotuwa. Chingwe chake cha magetsi ndinachikulunga ndekha zaka zapitazo, n'kuchiika pamwamba pa nsaluyo.

Itadutsa leveni koloko foni inalira. Anali a Sisitala a ku wodi ya amayi ochira.

"Mayi, tili ndi mtsikana wabereka kumene, magazi sakuleka. Gulu lake ndi losowa lija. Muli nawo?"

"Botolo lomaliza linapita Lolemba."

"Zipatala zina tayimba, alibe. Adokotala akuti tikapeza munthu m'maola awiri, magazi n'kuyezedwa, mwina. Fufuzani."

Ndinadina F4. Anatuluka mayina awiri. Woyamba anali mayi woyembekezera. Wachiwiri foni yake inayankhidwa ndi mwana wake, amene anati bambo anasamukira kutali. Dzina lachitatu panalibe. Ndinkakumbukira kuti pa mayina otayika aja panali telala wina wa gulu lomwelo. Tinkamuseka chifukwa ankasoka tsiku lonse koma ankatsinzina akaona singano yathu. Nkhope yake ndinkaiona bwinobwino. Dzina ndi kwawo zinali zitandichoka.

Pamenepo ndinamva.

Go. Go.

Ndinaganiza kuti ndi dontho la mvula padenga. Ndinamvetsera. Mafiriji ankalira monga mwa nthawi zonse.

Go, go, go.

Chinkachokera pakona. Ndinatembenuka pang'onopang'ono. Pansi pa nsalu yotuwa ija pankatuluka kuwala kobiriwira. Chingwe chinali pamwamba pomwe, chokulunga monga ndinachisiyira. Mpando wa kompyutayo, umene ndimaukankhira kukhoma madzulo aliwonse, unali utasendera ku tebulo.

Sindinakuwe. Ndinabwezera maso pa galasi langa, ndipo mzere wapansi unali utasintha. Kabokosi kachisanu ndi chitatu, kamene kanakhala kopanda kanthu chilembereni pulogalamuyo, kanali koyaka. Munali zilembo zisanu ndi zitatu.

NDIKHULU

Ndinatsegula pulogalamu yeniyeniyo, mizere imene ndinalemba ndi manja anga. Pa F8 panalibe mawu. Panalibenso ntchito. Ndinatseka, n'kubwerera ku kaundula. Kabokosi kanali koyakabe.

Chitseko chinatseguka, ndipo analowa alamu, jekete itanyowa.

"A Sisitala andituma. Akuti mundipatse adiresi ndithamange." Anaima. Anayang'ana pakona, kenaka pa galasi langa. "Alamu, mwalemba ndinu izi?"

"Ine ndimawerenga zilembo."

Anavula chipewa. Munthu amene saleka nthabwala ngakhale pa maliro analankhula monong'ona.

"Mawuwo sanathe, koma akumveka. Dinani."

"Batani la munthu ameneyu linandinamizapo kale. Linati sungani, likufafaniza. M'kaundula muno muli mayina zikwi zitatu amene tasonkhanitsa chichokereni iye. Ndikadina n'kutayika, mawa adzati chiyani? Adzati wokolopa uja wabwereza."

"Ndiye sungani kaye pa tepi."

"Tepi imatenga ola."

Foni inaliranso. Sindinafune kuinyamula, koma ndinainyamula.

"Mayi, manja ake ayamba kuzizira," anatero a Sisitala. "Mwana akulira, mwamuna wake ali pakhomo pano. Ndimuuze chiyani?"

"Mumuuze adikire."

Ndinaika foni pansi. Ndinaimirira, ndinakonza kolala ya yunifolomu yanga, ndinayang'ana mpando wopanda munthu uja.

"Bambo," ndinatero, "chikwangwani ichi chikanama, kumene muliko simudzagona."

Ndinadina F8.

Galasi linada lonse. Ndinawerenga mumtima mpaka khumi. Kenaka pakona panayamba: go, go, go, go. Pa galasi langa panatseguka tsamba la dzina latsopano, ndipo zilembo zinayamba kutuluka chimodzichimodzi. Sanali makina akukhuthula zimene anasunga. Anali munthu akulemba. Ankaima, ngati akuyang'ana pa pepala. Ankaphonya chilembo, kubwerera, n'kukonza. Dzina likatha, kabokosi ka SUNGANI kankaphethira kamodzi, ndipo dzinalo linkakhala.

Ndinawadziwa. Mphunzitsi wamtali amene ankabwera ndi njinga. Amapasa awiri ogwira ntchito ku positi. Mayi wogulitsa maluwa amene ankatibweretsera otsala. Anthu amene ndinawalira zaka khumi ndi chimodzi ngati akufa ankalowa mmodzimmodzi, ngati anthu olowa m'tchalitchi mochedwa. Mantha anandichoka. Chimene chinatsala sindichidziwa dzina lake. M'chipindamo munali bata lalikulu, ndipo alamu anali atagwada, chipewa chili pachifuwa.

Dzina la makumi atatu ndi chimodzi linali la telala. Gulu la magazi linali lomwelo. Adiresi inati: kuseri kwa malo ophikira buledi, nyumba ya chitseko chabuluu, gogodani pawindo chifukwa belu linafa.

Alamu anailemba padzanja ndi bolopeni, natuluka chothamanga.

Ndinatsala ndekha ndi wogogoda uja. Ndinakhala pansi, ndinathira tiyi, koma sindinamwe. Mayina ankabwerabe. Pa dzina lina, malo olembapo ntchito ya munthu anachepa, ndipo zilembo zinayamba kugunda kumapeto, go, go, go, osalowa. Pakamwa panga panatseguka pokha.

"Werengani zilembo, bambo. Malowo ndi a zilembo khumi ndi ziwiri."

Kugogoda kunaleka. Kenaka mawuwo anafafanizika chimodzichimodzi, n'kulembedwanso mwachidule. Anakwana ndendende.

Telala anafika atavala jasi pamwamba pa zovala zogonera, tsitsi litachita imvi. Anagona pa bedi, natsinzina asanaone n'komwe singano.

"Mwandipeza bwanji?" anafunsa. "Ndinasamuka zaka zinayi zapitazo. Kapena ndi bambo aja a mphete? Anabwera tsiku lina Lamulungu ndi kope, thukuta lili kamukamu, kudzandifunsa ngati ndine ndinkapereka magazi kale. Ndinawapatsa madzi akumwa. Ali bwanji masiku ano?"

"Akugwira ntchito," ndinayankha.

Magazi anayezedwa, anakwera nawo kuwodi. Cha m'ma folo koloko a Sisitala anayimba kuti mtsikana uja watsegula maso ndipo akufunsa mwana wake.

Kulemba kunapitirira mpaka kunja kutayamba kuyera. Ndinkawerenga dzina lililonse. Litalowa la mazana awiri ndi khumi ndi anayi, kachizindikiro kolembera kanakwera pamwamba pa galasi, pa mzere umene unakhala wopanda kanthu chichokereni msonkhano uja. Kanaima pamenepo. Kenaka, pang'onopang'ono, popanda kuphonya chilembo, panalembedwa mawu akuti "Wolemba pulogalamu", ndi dzina langa lonse.

Kabokosi kachisanu ndi chitatu kanazima. Kuwala pansi pa nsalu kunatha. Ndinapita pakona, ndinagwira kompyutayo. Inali yozizira ngati mwala. Mpando wokha ndi umene unali wofunda.

Za usiku umenewo anthu amanena zosiyanasiyana. Achinyamata a ku ofesi ya makompyuta amati mayinawo anabisala penapake m'makina, ndipo chinyezi cha mvula chinawatulutsa. Sanandiuze kuti makina anadziwa bwanji za belu lakufa. Alembi amanong'onezana zimene alamu anamva kwa mkazi wamasiye wa a Sindikiz: kuti zaka khumi bambo aja sankapezeka pakhomo Lamulungu masana, ankayenda khomo ndi khomo ndi kope lachikuto chofiira, ndipo m'wodi muja analisunga pansi pa pilo kudikira munthu amene sanabwere. Atamwalira, mkazi wawo analiika m'bokosi, m'manja mwawo.

Mng'ono wanga anandifunsa ngati ndinawakhululukira. Ndinamuuza kuti mawuwo sanawamalize, ndipo ine sindinawayankhe. Ndinangodina batani.

F8 ndi lopanda kanthu mpaka lero. Achinyamata aja anafuna kuikapo ntchito ina, ndinakana, ndipo anandimvera, chifukwa tsopano ndimagwira masana, pa mpando wanga wakale.

Anandilanda mayina mazana awiri ndi khumi ndi anayi, ndi langa. Onse anabweza.