Zala za Mkanthama Zinatsala pa Chipata

M'masiku amene munthu sankapita kumunda wopanda uta, anthu a Mfumu Chambadza ankakhala m'linga patsinde pa phiri la Chizinga. Lingalo linali ndi chipata chachikulu choyang'ana kudambo, ndi kena kakang'ono kotulukira kuphiri. Chambadza wamkulu atamwalira, ufumu unagwera mwana wa mlongo wake, mnyamata wofatsa koma wongotsata aliyense amene wayankhula pomaliza. Amene anamukhazika pampando anali Gomeza, nduna yaikulu, ndipo anthu ankanong'onezana kuti mfumu ikakhosomola, chifuwa chimakhala cha Gomeza.

M'linga momwemo munali nkhalamba ina dzina lake Mkanthama, msilikali wa Chambadza wamkulu. Nkhondo anamenya zambiri, koma imene ankakumbukiridwa nayo ndi ya tsiku limene Angoni anaponya moto pachipata chachikulu. Mpiringidzo wotsekera chipata unayaka, anzake onse anabwerera m'mbuyo, koma iye anaugwira ndi manja ali kuutsamira ndi chifuwa mpaka amayi ndi ana onse atatulukira kuphiri. Pamene ankamuchotsa pamenepo, zala zake zinali zitapserera. Anatsala ndi zibwenthe ziwiri za manja opanda zala ndi mawanga oyera m'mikono, ndipo ana akamufunsa kumene kunapita zala zake ankaseka n'kuwauza kuti anazisiya pachipata kuti zizilondera mudzi.

Wina akanakhala pansi n'kumadya za ulemu, koma Mkanthama ankamangirira khasu kumikono ndi luzi n'kumalima kuposa amuna a zala khumi. Akamaliza munda wake ankalowa m'minda ya akazi amasiye osadikira kupemphedwa. Nkhokwe zake za mapira sizinkapuma, pakuti wosowa aliyense ankadziwa njira yake. Pakhonde pake pankakhala mtsuko wa thobwa ndi chikho chimodzi chakuda ndi ukalamba, ndipo wodutsa aliyense ankayamba wamwa asananene chimene wadzera. M'nyumba imeneyo ndi mmene anakulira mdzukulu wake Nachisale, amene makolo ake anafa ndi nthomba iye akuyamwa. Ndiye ankamanga luzi lija m'mawa ndi kulimasula madzulo, ndipo kwa iye dziko lonse linali agogo akewo.

Udani wa Gomeza unayamba chaka chimene amalonda a kugombe anabwera ndi mfuti ndi wonga, akufuna anthu. Gomeza anauza bwalo kuti ana amasiye ndi pakamwa chabe, apite, mudzi upeze mfuti. Mkanthama anaimirira n'kukweza zibwenthe zake kuti aliyense azione.

"Ana amene ndinawaombola ndi zala zanga, inu mukufuna kuwasinthanitsa ndi wonga? Yambani mwandibwezera zalazo."

Bwalo linakana malondawo. Gomeza sanapondenso pakhonde la Mkanthama, ndipo mkwiyo wake anausunga ngati mbewu.

Mkanthama anamwalira m'chilimwe chowawa, mvula itachedwa kale, nsembe zitathiridwa kukachisi koma kumwamba kuli mbee. Okumba manda anali atanyamula kale makasu pamene mthenga wa Gomeza anawaimitsa panjira. Uthenga unali wakuti maliro adikire bwalo, chifukwa malemuyo anali wakhate.

Mwambo wa makolo pa khate unali wouma. Wakhate sankaikidwa m'nthaka, poopa kuti nthaka idzadetsedwa ndipo mvula idzakana. Ankamukulunga mumphasa n'kukamupachika mumtengo kuthengo, popanda ng'oma, popanda nyimbo, ndipo nyumba yake, nkhokwe zake ndi ziwiya zake zonse ankazitentha. Amene ankadyera naye mbale imodzi kapena kumwera naye chikho chimodzi ankatulutsidwa m'mudzi kukakhala kumisasa. Nachisale atamva mawuwo pasiwa, misozi inauma. Agogo ake, amene anapsa kuti mudzi usapse, azikalendewera mumtengo makwangwala akuwazungulira!

Bwalo linakhala dzuwa lili paliwombo, pakuti maliro a m'chilimwe sadikira. Gomeza anaomba m'manja n'kuyamba ndi mawu osalala.

"Eni dziko, ndi inu akuluakulu, palibe akukana kuti Mkanthama anali mwamuna. Za chipata tonse tikuzidziwa. Koma moto umatentha kamodzi n'kuzima. Nanga mabala ake ankang'ambikiranji chaka ndi chaka? Nanga mawanga oyera aja? Moto unangotsegula njira, khate linalowa. Tikamuika pansi, mvula imene tikuilirayi itilambalala. Tiphe mudzi wonse chifukwa cha ulemu wa munthu mmodzi amene wapita kale?"

Panali akazi amasiye amene ankadziwa bwino lomwe kuti mabalawo ankang'ambika ndi luzi la khasu, polima minda yawo yomwe. Panali amuna amene anatulukira pakachipata kakang'ono ali kumsana kwa amayi awo. Onsewo anaweramitsa mitu n'kumajambula pansi ndi timitengo. Mantha a njala ndi oipa, koma kukhala chete kwa tsiku limenelo kunali konyansa kuposa mantha. Atsibweni ake a Nachisale, amene anayenera kuyankhulira banja, anangong'ung'udza kuti iwo atsata zimene akuluakulu aone, pakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Pamenepo Nachisale anatuluka pakati pa amayi, nagwada patsogolo pa mfumu. Mkazi sankayankhula pabwalo popanda nkhoswe, ndipo ena anayamba kumuletsa, koma iye anatulutsa m'nsalu mwake chikho chakuda chija n'kuchiika pansi. Aliyense anachizindikira.

"Eni dziko, ine ndine mwana, mwambo sindingautsutse. Ngati agogo anali akhate, apachikeni. Koma mwambo sadyako mbali imodzi n'kusiya inayo. Mwambo womwewo ukuti womwera chikho cha wakhate atuluke m'mudzi. Chikho chake ndi ichi. Amene sanamwerepo aimirire timuone, atsale ndi mudziwu."

Anadikira, kenaka anayamba kuwatchula mayina mmodzimmodzi. Anakumbutsa mkulu wa okumba manda za thobwa limene anamwa dzana lomwelo. Anakumbutsa amayi ena za chaka cha dzombe, pamene ana awo ankagona pakhonde paja. Anakumbutsa atsibweni ake, amene anabisa nkhope m'manja. Palibe anaimirira, kupatula Gomeza yekha, amene ananena monyada kuti milomo yake sinakhudze chikho chimenecho kuyambira chaka cha amalonda aja, ndipo siidzachikhudza.

Nachisale sanamuyang'ane n'komwe. Anatembenukira kwa mfumu.

"Nanga inu eni dziko? Muli mwana munkathawira kwa agogo mukalakwa kwanu, ndipo ankakumwetsani atapana chikhochi ndi zibwenthe zawo. Kodi kumisasako tipitira limodzi?"

Mfumu inatembenuka. Inayang'ana Gomeza, inayang'ana chikho, n'kupereka chigamulo cha munthu wofuna kubisala m'mapanga awiri. Inati Mkanthama sapachikidwa, ndipo nyumba ndi nkhokwe zake sizitenthedwa, koma kumanda a makolo salowako. Abale amupezere malo kunja kwa linga, ng'oma isalire. Gomeza anawonjezera msangamsanga kuti mvula ikakana, mlandu udzakhala pamutu pa aliyense amene khasu lake likhudze dzenjelo. Okumba manda atamva zimenezo anatsamiritsa makasu awo kumtengo n'kukhala pansi.

Chilolezo chinalipo, koma dzenje panalibe, ndipo dzuwa linali litayamba kupendeka. Nachisale anapita kunyumba, natenga khasu la agogo ake luzi likadali kumpini, nayenda nalo pakati pa mudzi mpaka kunja kwa chipata chachikulu. Pambali pa nsanamira imene inali ikadali yakuda ndi moto wakale, anayamba kukumba. Chiyambire dziko, mkazi anali asanakumbepo manda. Nthaka inali gwa, khasu linkadumpha, ndipo posachedwa m'manja mwake munatuluka matuza. Anthu anaunjikana pachipata kumuonerera ngati akuonerera gule, iye osadzutsa mutu.

Woyamba kuchita manyazi anali Sandifuna, bambo wa ana atatu, mmodzi wa ana amasiye aja amene Gomeza ankafuna kuwapereka kwa amalonda kalelo. Anatsika m'dzenjemo n'kugwira mpini.

"Mlongo wanga, tuluka. Mnzako akapsa ndevu m'zimire. Ife takhala tikuonerera kuyambira pabwalo paja, zatikwana."

Atalowa iye analowanso wina, kenaka makasu aja anachoka kumtengo okha. Mkanthama anagona m'nthaka dzuwa lisanalowe, popanda ng'oma, koma amayi anaimba nyimbo ya maliro ndipo palibe anawaletsa.

Nkhaniyi ikanakoma mvula ikanagwa usiku womwewo, koma sinagwe. Inabwera mochedwa, inagwa mwanjomba, n'kudukiza mapira asanabereke. Midzi ya kutsidya kwa dambo, imene sinaike munthu aliyense pachipata, inapsa chimodzimodzi, koma zimenezo palibe ankafuna kuzimva. Gomeza ankayenda khomo ndi khomo kunena kuti iye anachenjeza. Kuchitsime amayi ankasuntha mitsuko yawo Nachisale akafika, ndipo ena mwa iwo anali omwe aja anaimba pamaliro. Zinkamupweteka kwambiri, ndipo masiku ena ankalira pamanda paja mpaka mawu kutha, koma sanapepese kwa munthu.

Njala itafika pachimake, m'linga monse munatsala nkhokwe za munthu mmodzi, zomwe zija Gomeza ankafuna kuti zitenthedwe. Nkhalamba ija inali itazidzaza mpaka kudenga ndi mapira a zaka ziwiri. Nachisale akanatha kutseka pakhomo, ndipo palibe akanamuimba mlandu. Koma iye anadziwa chimene mwini nkhokwezo akanachita, ndipo anazitsegula. Anabwera amasiye, anabwera atsibweni ake, anabwera ndi amayi a kuchitsime aja maso ali pansi, ndipo mfumu inatumiza akazi ake ndi malichero. Onse ankayamba amwa madzi m'chikho chakuda pakhonde, monga kale, n'kulandira gawo lawo.

Gomeza anapirira mpaka adzukulu ake atayamba kutupa mapazi. Pamenepo anatuma mkazi wake. Nachisale anapatsa mayiyo phala loti ana akamwe tsiku limenelo, koma dengu analibweza lopanda kanthu, nati eni ake abwere okha.

Gomeza anabwera m'mawa mwake anthu ali pamzere, atawonda, dengu lili m'khwapa. Nachisale anamuyalira mphasa mwaulemu wonse, natunga madzi, nagwada n'kumupatsa chikho ndi manja awiri.

"A Gomeza, pakhonde pano mlendo amayamba wamwa. Ndi mwambo wa eni nyumba, ndipo mwambo inu mumaudziwa kuposa tonsefe."

Linga lija linagwa kalekale ndipo ufumu wa Chambadza unasamukira kuchigwa, koma mulu wa miyala pamene panali chipata ulipobe, ndipo a mbumba ya Nachisale amaulambula chaka chilichonse mvula isanagwe. Akamanga khasu latsopano amakulunga kaluzi kumpini, ndipo mwana akafunsa chifukwa chake amamukhazika pansi n'kumuuza za agogo awo amene anapsa manja chifukwa cha mudzi, mudziwo n'kufuna kuwapachika mumtengo. Amamuuza kuti mudzi suchedwa kuiwala amene anaufera, choncho pabanja pazikhala wina wokumbutsa. Akafika pa Gomeza safulumira. Amati anayang'ana chikhocho nthawi yaitali, kenaka anachilandira ndi manja ake a zala khumi n'kumwa mpaka madzi kutha.