Moto wa pa Phiri la Nkhwichi

M'masiku a mfumu Chinkhwiri, anthu a pa phiri la Nkhwichi ankadzitcha eni moto. Anali osula makasu, ndipo pabwalo la mfumu pankayaka moto umene ankati sunazimepo chifikire makolo awo. Kunyada kwake, ngakhale mlesi wosadziwa kugwira nyundo ankayenda modzitukumula.

Chaka china kunamveka kuti ankhondo a zishango akubwera kuchokera kummwera. Mafumu anayi a m'chigwa anagwirizana zomanga linga limodzi, naitananso Chinkhwiri. Iye anatuma nduna yake Msokera, atamunyamulitsa makala amoto m'phale.

"Mukawauze kuti tilowa, koma m'lingamo muziyaka moto wathu," anatero.

Kamtsitsi, wamkulu wa mafumu a m'chigwa, anamulandira bwino Msokera, koma anapukusa mutu. "Tonse tizimitsa moto wa kwathu, tipekese watsopano pamodzi. Tikapala wanuwu, mawa mudzati ndife ana anu."

Msokera analiona lingalo, nkhokwe ndi chitsime zili m'kati, mtima n'kumuwawa. Kwawo kunalibe ndi mpanda womwe. Atabwerera anawomba m'manja pabwalo.

"Mfumu, makasu athu amalima minda yawo, mapira awo ndiwo timadya. Tiyeni titsike. Moto tidzakoleza wina, koma anthuwa akatha sitidzawapezanso."

"A Msokera, anakudyetsani chiyani kuchigwako?" anafunsa Chinkhwiri. "Tikazimitsa motowu tidzakhala ayani? Tidzangokhala anthu wamba ngati iwowo."

Bwalo lonse linavomereza. Chimene chinadzamuchititsa manyazi Msokera moyo wake wonse n'chakuti mawuwo anamukomera, pakuti nayenso anali mwana wa phiri.

Nkhondo inafika nthawi yokolola. Italephera kuboola linga, inakwera phiri. Chinkhwiri anafera pabwalo pake, otsala n'kuthawira m'mapanga. Moto uja palibe mdani anauzimitsa ayi. Unangosowa wousonkhezera.

Msokera anatsika ndi anthu makumi atatu okha, phale lozizira lili m'manja, nagwada pachipata cha linga. Mayi wina analandira phalelo, naikamo makala osafunsa n'komwe.

"Tengani bambo, anawa awaphikire."

Zidzukulu za anthu a Nkhwichi zikusulabe makasu m'chigwamo. Koma zikamanga ng'anjo yatsopano, wamkulu wawo amanyamula phale lopanda kanthu n'kukapala moto kwa anansi, ngakhale pakhomo pake ukuyaka.