Tsamba Lopanda Pakamwa

Katsabola ankafuna kuphunzira kusambira. Ankafunanso kusewera mpira.

Kulembetsa kunali pa kompyuta. Tsamba lolembetsera analipanga ndi achemwali ake. Ndiyo ntchito yawo. Tsiku lotsekera linali lomwelo.

Katsabola anakwera pampando, miyendo ili lendelende.

Analemba dzina. Kabokosi kanabiriwira. Analemba zaka. Kabokosi kanabiriwira. Anasankha kusambira. Anasankha mpira. Timabokosi tonse biriwiri!

Anadina batani. Tsamba linaphethira. Kenako zii.

Anadinanso. Zii.

Katsabola anayang'ana mphaka wawo. "Iwe, unaponda apa?"

Mphaka anangoyasamula.

Anasuzumira kuseri kwa tebulo. Chingwe chinali bwinobwino.

Ndiye anatembenuka pang'onopang'ono. Achemwali anali pakhomo, akupinda zovala. Ankaimba kanyimbo. Hmm! Akuimbiranji?

"Achemwali, ndakugwirani!"

"Ndalakwanji, mayi wapolisi?"

"Mwaliuza tsamba lanu lindikane. Mukufuna Loweruka ndizikuchapirani masokosi."

Achemwali anaseka mpaka kukhala pansi. Katsabola sanaseke. Tsinya lili gwa.

"Tasendera, ndione," anatero achemwali.

Anadina batani. Zii. Kuseka kunatha. Anatsegula mkati mwa tsamba, momwe muli timalemba tambirimbiri.

"Ayi, vuto tsambali laliona. Koma likusowa ponenera."

"Mukundinamiza."

"Taona. Kabokosi kalikonse kali ndi pakamwa pake. Dzina likalakwika, ka dzina kamanena. Zaka zikalakwika, ka zaka kamanena."

"Nanga lero?"

"Lero palibe kamene kalakwa pakokha. Timabokosi tiwiri tikukangana. Mkangano umenewo ndinaiwala kuupatsa pakamwa."

Achemwali analemba: tapa, tapa, tapa. Katsabola anayang'anitsitsa zala zawo. Osaphethira.

"Dina tsopano."

Anadina. Pamwamba penipeni panatuluka mawu ofiira: "Kusambira ndi mpira zili nthawi imodzi. Sankhani chimodzi."

Katsabola anawerenga. Anawerenganso.

"Ndiye si inu?"

"Si ine. Thupi lako ndi limodzi, mng'ono wanga."

Katsabola anayang'ana mapazi ake. Anayang'ana manja ake. Mpira amaumenya kale pabwalo. Koma madzi sawadziwa.

Anachotsa mpira. Anadina.

"Takulandira, wosambira!" linatero tsamba.

Katsabola analumpha pampando. Anagona chafufumimba pamphasa. Manja uku, miyendo uku.

"Achemwali, gwirani mimba yanga! Ndingamire!"

Achemwali anagwada. Anamugwira zolimba.