Woponda Mabuleki a Pijo ya Che Sidik

Nasoro anachoka pagalaja mochedwa, agalu a pa boma la Machinga atatopa kale kuuwa. Chinali chaka cha 1983, mwezi wa Juni, kukuzizira kolowa m'mafupa. Tsiku lonse anali pansi pa Pijo ya Che Sidik a sitolo, pikapu imene mabuleki ake akutsogolo ankalira ngati mbuzi yomangidwa. Madisiki ake, zitsulo zozungulira zija zimene mapadi amafinya kuti tayala liime, anali atadyeka mizere yolowa chikhadabo. Atsopano anafika pa basi yamadzulo kuchokera ku Limbe. Anawatsuka ndi petulo, anawamanga, mabawuti onse nganganga. Koma pochotsa akalewo dzimbiri linamukakamiza kumasula mapaipi a mafuta, ndipo mpweya unalowa.

Kutulutsa mpweya m'mabuleki ndi ntchito ya anthu awiri, wina m'galimoto kuponda, wina pansi ndi sipanala. Wachiwiriyo panalibe. Anthu onse anali ku msonkhano wa chipani, ndipo masiku amenewo msonkhano sunkajombeka. Nasoro yekha anamulola kutsala chifukwa galimotoyo inali yoti mawa lake itengere amayi ovina ku Balaka. Mmodzi wa amayiwo anali mkazi wake Lukiya, amene usikuwo anagona ndi anzake kusukulu kumene ankakonzekera nyimbo. Ulendo unali wa seveni koloko. Nasoro anati abwera faifi, apeza womupondera, amaliza. Jeke wake ankatsika yekha akakhalitsa, choncho anabwezera matayala natsitsa galimoto. Kenaka dzanja linangochita zimene linazolowera zaka khumi: linaika kiyi pamwamba pa tayala lakutsogolo. Pagalaja imeneyo, galimoto ikakhala pansi kiyi ali patayala, ndiye kuti ntchito yatha, dalaivala angotenga.

Kwawo kunali kumunsi kwa mtsetse wotsikira ku Liwonde, kuseri kwa mlatho wa pakona. Pafupi ndi mlathowo panali manda. Nasoro ankadutsapo tsiku ndi tsiku osaganiza kanthu, poti akufa sakonzetsa galimoto. Koma usiku umenewo, atayandikira, nkhululu zonse zinangoti zii.

Pachitsulo cha mlatho panakhala munthu.

Anavala kaki wa madalaivala akale, chipewa chili pabondo. Nasoro anapereka moni. Munthuyo sanayankhe moniwo, anangoti, "Amisiri, kiyi uja mwamusiya patayala."

Nasoro anaima. Anagwira m'thumba lakumanja, anagwira lakumanzere... munalibe. Anadziuza kuti zilibe kanthu, ulendo ndi wa seveni, ndipo anayamba kufotokoza zimenezo ngati kuti munthuyo ali ndi udindo womufunsa.

"Asintha. Anyamuka tambala woyamba."

Nasoro ankamudziwa Jasten, dalaivala wa Che Sidik, munthu woliza galimoto mwendo wina uli panja. Pabwalo la galaja ndi pamsewu wa kusukulu mpafulati, buleki yam'manja ingamukwanire osazindikira kanthu. Adzaponda zenizeni atafika pamtsetse, amayi khumi ndi asanu ali kumbuyo. Nasoro sanafunse kuti mlendoyo wadziwa bwanji. Anatembenuka nayamba kukwera.

Kumbuyo kwake kunali munthu, ankamumva m'khosi. Koma nsapato zimene zinkalira pamsewu zinali zake zokha. Anafulumira. Kuzizira kuja kunafulumiranso. Anayamba kupemphera duwa yachisilamu chamumtima, inathera pakati, anaibwereza, inatheranso pomwepo.

"Ine ndinaponda katatu," anatero mawu aja, pafupi ndi khutu lake. "Katatu konse chopondera chinangofika pansi."

Nasoro sanacheuke.

Anapeza Pijo ili pomwe anaisiya, kiyi ali patayala. Anamutola namuika m'thumba, mtima unatsikako. Koma kubisa kiyi sikunathetse kanthu. Galimoto ya amayi ovina sinkachedwetsedwa ndi makaniko, ndipo Che Sidik anali ndi kiyi wina m'sitolo. Mabuleki anayenera kutha usiku womwewo. Anayang'ana nyumba zapafupi, zonse zili mdima. Nthawi imeneyo munthu wogogoda usiku sankatsegulidwa.

"Lowani pansi, amisiri. Ndikuponderani."

Chitseko cha dalaivala chinatseguka, chinatsekeka. Nasoro anali atayatsa nyali, maso ake ali pa sipuling'i yakutsogolo. Munthu akakwera, galimoto imatsikako pang'ono, ngakhale akhale mwana. Iyi sinagwedezeke mpang'ono pomwe.

Anafuna kuthawa. Miyendo inavomera, koma mutu unamuonetsa Lukiya ataimirira kumbuyo kwa pikapu, atagwira chitsulo, akuimba. Anathira mafuta m'kabotolo ka mabuleki. Anagona chagada padothi.

"Pondani," anatero, mawu ngati a munthu wodwala.

Kwii... kwii... kwii... chopondera chinalira pamwamba pake.

"Gwirani."

Anamasula kabawuti kotulutsira mpweya. Psii! Thovu. Anamanga. Pondani. Gwirani. Thovu lina. Pondani. Gwirani. Kudzera m'kabowo ka dzimbiri ka pansi pa dalaivala, nyali inkaonetsa chopondera chikutsika, chikukwera. Phazi panalibe.

Anatseka maso. Anagwira ntchito ndi zala. Atamaliza kumanzere anakwawira kumanja, osatulukira kunja. Thovu linatha, mafuta anayamba kutuluka oyera. Anamanga komaliza.

"Chalimba," anatero mawu aja, ndipo anapuma mpweya wautali, ngati munthu amene watula mtolo umene anausenza kuchokera kutali.

Nasoro anakhala pansipo mpaka msana unachita dzanzi. Atatuluka anakweza nyali pawindo. Pampando panalibe munthu. Anaugwira. Unali wozizira ngati mwala wa m'mtsinje.

Tambala analira. Posakhalitsa kunamveka nyimbo, amayi akubwera ndi Jasten patsogolo, poti anaganiza zokwerera pagalaja pomwepo kuti asataye nthawi. Nkhani inalidi yoona: uthenga unafika kusukulu usiku kuti ku Balaka akufuna onse afike dzuwa lisanatuluke. Jasten anatambasula dzanja kufuna kiyi, akuseka kuti makaniko agona ndi galimoto ngati mkazi wachiwiri. Nasoro anakana. Anakwera yekha, anaponda, chopondera chinali gwa. Anazungulira bwalo, anaponda, galimoto inaima. Koma kiyi sanamupereke. Pafulati si pamtsetse. Nanga akanadziwa bwanji ngati chinthu chija chinabwera kudzathandiza kapena kudzafuna anzake?

Lukiya anamunong'oneza kuti asawachititse manyazi, anthu angamve zoti akukaniza ulendo wa chipani. Pamenepo Nasoro anangoulula zonse, za mlatho, za kaki, za chopondera chopanda phazi. Amayi ena anabwerera m'mbuyo. Jasten anasiya kuseka.

Amene anatsogola anali mayi Scholastica, mtsogoleri wa nyimbo, munthu wamkulu wosakonda nkhani zazitali. Anamufunsa Nasoro ngati munthuyo anali ndi chipewa pamutu kapena pabondo. Anati pabondo. Anamufunsa zimene ananena. Nasoro anabwereza mawu a kuponda katatu aja. Mayiwo anamanga bwino nsalu yawo.

"Kwerani, amayi, nthawi yatha," anatero. "Inunso amisiri kwerani, mukadzionere."

Nasoro anakhala pakati, Jasten kumanja, mayi Scholastica kuwindo. Kumbuyo palibe anaimba. Mtsetse unayamba. Mitengo inayamba kuthamanga m'magetsi a galimoto. Kona yoyamba. Yachiwiri. Nasoro anagwira bondo la Jasten osadziwa. Chitsulo cha mlatho chinaoneka kutsogolo, choyera, chikukula...

Jasten anaponda.

Pijo inagwada mphuno, matayala analira pang'ono, ndipo inalowa pamlatho mwaulemu ngati ngolo. Kumbuyo wina anaseka, wina anayamba kulira, kenaka Lukiya anayambitsa nyimbo.

Nasoro anapukuta thukuta ndi chipewa chake. Atapeza mpweya anafunsa mayi Scholastica chimene chinawalimbitsa mtima chonchi, kukweza anthu pa mabuleki opondedwa ndi chinthu chosaoneka. Mayiwo sanamuyang'ane. Maso awo anali kunja, kumene mitanda ya m'manda inkadutsa m'mbali mwa msewu.

"Chinthu ayi, bambo. Ndi a Yotamu, amuna anga. Lole yawo inagwera pamlatho pomwepa mu 1971, itangochoka kumene kokonzetsa mabuleki. Ndinawaika ndekha apo, pansi pa mtengo wa mthethewo." Anakoka nsalu paphewa. "Ali moyo sankanyamula munthu asanayese chopondera. Sangayambe lero."