Sindikuwadziwa Madala Amenewo

Tressa anakumana ndi Callum pasiteji ya basi ya kumtunda kwa doko, tsiku lamphepo. Mnyamatayo anatsika ndi chikwama kumsana, nsapato zake zisanapondepo matope.

"Pepani achemwali, njira yozungulira m'mphepete mwa nyanja imayambira pati?"

Tressa analoza ndi chibwano, manja atawabisa m'matumba. Manja amenewo ankasenda nkhanu m'shedi ya padoko, ndipo ngakhale awapake mandimu, fungo silinkachoka.

"Ndinu a konkuno?" anafunsa Callum.

"Ayi. Ndimagwira ntchito ku banki, m'tauni. Kuno ndimangobwera kudzapitidwa mphepo."

Bodzalo linatuluka lokha. N'chiyani chinamulowa? Kaya ndi kumwetulira kuja, kaya ndi mawu ofewa a mphunzitsi wa mumzinda. Basi isanatembenuke, anali atapatsana manambala.

Mameseji anayamba kugwa ngati mvula. "Duwa langa la m'matanthwe, wadzuka bwanji?" Tsiku lina: "Ndikadzakonda wina kusiya iwe, nyanja idzaphwe!" Tressa ankavula magolovesi, n'kubisala kuseri kwa mabokosi a nkhanu. "Ndili pamsonkhano, wapamtima. Ndikuimbira ndikaweruka."

Chilimwe chikutha, Callum analemba kuti akubwera Loweruka, adzayende limodzi njira ija. "Ndili ndi mawu, mtima wanga."

Lowerukalo awiriwo anakwera masitepe a kuseri kwa tchalitchi, n'kudutsa m'minga yamaluwa achikasu, nkhosa zikuwathawa. Pansi pa phompho mafunde ankaswa thovu. Atafika pansonga pomwe mtunda umathera, anakhala pamwala n'kugawana chitumbuwa cha nyama ndi mbatata.

Callum anamugwira dzanja. "Tressa, palibe chimene ukufuna kundiuza? Chilichonse. Sindithawa."

Tressa anayang'ana kunyanja.

"Palibe. Kungoti ndimakukonda."

Callum anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaimirira.

Njira inakhota kudutsa m'minda, n'kuyamba kutsetsereka. Madenga a padoko anaonekera, ndi maboti, ndi shedi. Tressa anaima.

"Bwanji tibwerere momwe tadzeramu?"

"Iwe, titatsala pang'ono kumaliza? Tiye!"

Pamwala wa doko panali bambo ake, a Denzil, akusanja miono ya nkhanu, atavala chijasi chawo chachikasu. Atawaona awiriwo anakweza dzanja, n'kubwera akutsimphina, nkhope yonse ili mwee!

"Tressa mwana wanga! Bwerani kunyumba nonse, ketulo ili pamoto!"

"Kodi amenewo ndani?" anafunsa Callum motsitsa mawu.

"Sindikuwadziwa. Ndi madala ena ake oledzera a padoko pano. Amangoitana aliyense."

Mphepo ya kunyanja sisunga chinsinsi. Dzanja la a Denzil linatsika pang'onopang'ono. Anatembenuka, n'kubwerera ku miono yawo.

Callum anasiya dzanja la Tressa.

"Bambo ako samwa mowa. Mwendo umenewo unathyokera m'boti, iwe uli kakhanda. Andiuza okha m'mawa uno, tikumwa tiyi kukhitchini kwanu."

"Kwathu?"

"Dalaivala wa basi anandiuza kalekale kuti ndiwe mwana wa ndani. Lero ndinalawira kuti ndikawauze kuti ndikufuna kukukwatira. Analira, Tressa! Anandionetsa zithunzi zako zonse."

Tressa analakalaka nthaka itang'ambika. Akazi a kushedi anali ataima pakhomo, atasiya mipeni, akuonerera.

"Callum, ndikhululukire! Ndinkaopa kuti ukadziwa udzandinyansidwa. Suja unati nyanja idzaphwe?"

"Za bankizo ndinkangoseka. Ndinkati udzandiuza wekha tsiku lina." Maso ake anali atafiira. "Koma munthu wokana bambo ake pamaso pawo, ine adzandikana liti?"

Callum anakwera chitunda kupita kusiteji, osacheuka. Tressa anamuimbira kawiri, foni inangolira. Kenaka unabwera uthenga: "Usandisake ine. Pita kwa bambo ako."

Tressa anazungulirazungulira m'timisewu mpaka mvula inayamba kuwaza. Akalowa bwanji m'nyumbamo? Akayamba ndi mawu ati? Pomaliza anakankha chitseko. Patebulo panali mbale zitatu ndi makapu abwino aja otulutsa pa Khirisimasi pokha. A Denzil anali pachitofu, atamupatsa msana.

"Ababa..."

Tressa anagwada pansi ndi jekete lake lonyowa, misozi ili chuchuchu.

A Denzil anatenga mbale imodzi, n'kuibwezera m'kabati mosamala. Kenaka anakoka mpando.

"Dzuka, pansipo mpozizira," anatero osamuyang'ana. "Madala oledzera aphika nsomba. Bwera udye."